Momwe Dziko Linasungira Zida za a Chikepe

Mumsewu wathu mulibe nyumba yosanja ngakhale imodzi, koma muli mmisiri wokonza zikepe zokweza anthu m'nyumba zoterozo. Amakhala kuseri kwa nyumba ya achemwali awo, m'chipinda chimene anamanga kuti chikhale shopu, ndipo aliyense, ngakhale ana oyamba kumene kulankhula, amawatchula a Chikepe. Dzinali sadana nalo. Amati ndi chinthu chokhacho chimene anapatsidwa m'dziko lino osayamba aima pamzere.

Anachoka kuno ali mnyamata, nthawi imene ntchito inali nkhani yongomva kwa anzako. Masiku amenewo wailesi ya boma inkatchula anthu ochoka kuti ndi othawa, opanda chisoni, osiya mayi wawo akudwala. Iwo anamva zimenezi ali m'basi yopita kumalire, poti dalaivala anali atatsegula wailesi, ndipo anagona tulo tabwino. Kunjako anayamba ndi kunyamulira amisiri makwerero, kenako kupaka girizi, mpaka anaphunzira ntchito yonse: zingwe, mabuleki, zitseko, magetsi. Anakwatira komweko mayi wochokera konkuno, wogwira ntchito yochapa m'chipatala, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi. Imvi zinawapeza ali pamwamba pa chikepe, tochi ili kukamwa.

Chuma chawo chonse chinali bokosi lachitsulo lobiriwira, lotsegukira mbali ziwiri. Munali masipanala, mapulayala, tupa, mita yoyezera magetsi, ndi tizitsulo tina topindapinda totsegulira zitseko chikepe chikaima pakati ndi anthu m'kati. Tizitsulo timeneti simungatipeze m'sitolo. Tina anasiyiridwa ndi mmisiri wokalamba amene anawaphunzitsa ntchito, tina anasula okha. Sipanala yaikulu inali itasalala motsatira chikhatho chawo. Mmisiri wa zikepe akasiyana ndi bokosi lake amatsala munthu wongodziwa kukwera masitepe ngati wina aliyense.

Ndiye boma linasintha maganizo, monga limachitira likadzuka bwino. Othawa aja anasanduka ana athu okondedwa a kunja. Kunatsegulidwa Ofesi ya Obwerera Kwawo, yokhala ndi galimoto zake, makatani ake ndi nyimbo yakeyake. Nthumwi zinapita kunja kukachititsa misonkhano m'maholo obwereka. Dziko likumanga nyumba zazitali, zinatero nthumwizo, ndipo likufuna manja anu. Katundu wanu wa ntchito adzalowa popanda msonkho, ntchito mudzachita kusankha. Chofunika n'chimodzi basi, kubwerera ndi mtima wonse, kutanthauza kubweza chilolezo chokhalira kunjako, chifukwa dziko silifuna mwana woima mwendo umodzi pakhomo, wina kwa aneba.

Akazi awo anamvetsera zonsezi atapinda manja.

"Abambo, anthu ovala masuti ofanana chonchi musamawakhulupirire," anatero pobwerera kunyumba.

"Mayi, ndidzafere kuno ndikukweza anthu a eni ake? Kwathu nakonso anthu akwere."

Anagwirizana chonchi: bambo atsogole, akatsegule shopu, ntchito ikagwira mayi ndi mwana adzatsatire. Zonse zinatsamira pa bokosi lija, ndipo a Chikepe analikulunga ndi bulangete ngati khanda.

Ofesi inayembekezera chinamtindi cha anthu. Ndege inatsitsa oti n'kukwana pa benchi imodzi: namwino, ophunzira awiri, ndi bambo wina amene pambuyo pake kunamveka kuti anachita kuthamangitsidwa kunjako. Pa onsewa a Chikepe okha ndiwo anali ndi imvi, chipewa ndi bokosi. Vuto linali lakuti ndege inafika pa nthawi yake, chinthu chimene palibe anachiganizira, choncho a Nduna odzawalandira anali asanatulukire. Apa m'pamene a Chikepe anakumana ndi mkulu wina wamng'ono thupi, wa nsapato zowala, amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti aliyense waima pamene ayenera kuima. Mawu akuti ndondomeko sankachoka pakamwa pake, ndipo ndilo dzina limene tonse timam'dziwa nalo.

"Madala, takulandirani, koma osati panopa," anatero a Ndondomeko. "Bwererani kuseri kwa chitseko icho. Mukamva bandi mutuluke. Pang'onopang'ono, ngati munthu amene kwawo anakusowa."

"Ndinakusowadi kwathu."

"Eya, koma zioneke."

Anatuluka monga anauzidwa. Bandi inaliza, a Nduna anawakumbatira, ndipo pamaso pa makamera a Chikepe anapereka chilolezo chawo cha kunja chija m'manja mwa boma, anthu akuwomba m'manja. Achemwali awo analira mpaka mpango kugwa. Alamu awo, amene amayendetsa takisi, anatambasula dzanja kuti anyamule bokosi, koma a Ndondomeko anali atalikhazika kale phazi.

"Ili litsale pang'ono, a kasitomu alione. Ndi ndondomeko chabe. Mawa lomweli."

Masiku oyamba anali okoma. A Chikepe anamanga chipinda kuseri kwa achemwali awo, anakhoma mashelefu ndi misomali yokolekapo zida, ndipo ndalama zimene anasunga kunja zinathera mu simenti ndi malata. Ntchito nayo inapezeka msanga, osati kuchokera ku boma, koma kwa mayi wina mwini hotela ya m'tauni, amene chikepe chake chinafa kalekale.

"Bambo, alendo anga atopa kusenza masutikesi pamutu," anatero mayiyo. "Bwerani ndi zida zanu, ntchitoyi ndi yanu chaka ndi chaka. Anzanga a nyumba zosanja akungodikira aone ngati changa chiyende. Koma musandichedwetse."

Ku kasitomu anawauza kuti bokosi linatengedwa ndi a ku Ofesi ya Obwerera. Anapita kumeneko, ndipo sanavutike kulifunafuna. Linali pakhomo penipeni, m'kabati yagalasi, lotsegula, zida zitayalidwa pa nsalu yofiira, nyale ikuziwalira. Pamwamba panalembedwa kuti LUSO LABWERERA KWAWO. Ana a sukulu anali pamzere akusuzumira, mphunzitsi akuwafotokozera kuti pulayala ndi chizindikiro cha umodzi.

A Chikepe anagogoda galasi ndi chala. Mlonda anawagwira mkono.

"Osagwira, bambo. Ndi katundu wa boma."

A Ndondomeko anatsika masitepe akumwetulira. "Mwaona ulemu umenewu, madala? Anthu ena amafa osalowa m'galasi."

"Bwana, ndapeza ntchito. Ndikufuna zida zanga."

"Zanu ndithu, palibe akukana. Chionetsero chikangotha. Kukubwera alendo akunja, otithandiza, akufuna kuona zipatso za ntchito yathu. Mukufuna adzaone galasi lopanda kanthu? Dziko lichite manyazi chifukwa cha sipanala?"

A Chikepe sanafune kuti dziko lichite manyazi. Anavula chipewa, anathokoza, napita.

Alendo aja atabwera, kunapezeka kuti galasi lokha silikwanira. Iwo ankafuna kuona munthu akubwerera kwawo ndi maso awo, ndipo mwezi umenewo palibe amene ankabwerera. Namwino uja anali atabwerera kale kunja, ophunzira osadziwika kumene analowera, ndipo wothamangitsidwa uja sankayenera pa kamera. Choncho m'mawa wina galimoto ya Ofesi inaima mumsewu wathu. A Chikepe anatengedwa kupita ku bwalo la ndege, analowetsedwa pa khomo la kumbuyo, anaimikidwa kuseri kwa chitseko chomwe chija, ndipo bokosi linaikidwa m'dzanja lawo, lokhoma ndi loko wa boma.

Linali lolemera monga kale. Amanena okha kuti atalinyamula, phewa linakumbuka, ndipo anaganiza zongopitirira, kudutsa a Nduna, kudutsa bandi, mpaka pa siteji ya basi. Koma uku kunali asilikali, uku mbendera, ndipo munthu woleredwa bwino sathamanga nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Anayenda pang'onopang'ono. Pokumbatirana ananong'oneza a Nduna kukhutu.

"Bwana, zida zanga."

"Dziko likukunyadirani," anatero a Nduna, akuwasisita pamsana, maso ali ku kamera.

Kuseri kwa katani, mlonda analandira bokosi n'kulibweza m'galasi.

Umu ndi momwe a Chikepe anapezera ntchito ya boma imene sinalengezedwe pa misonkhano ija. Kukabwera alendo, ankabwerera kwawo. Kukakhala msonkhano wa nduna za m'maiko oyandikana, ankabwerera kwawo. A Nduna atachotsedwa, atsopano anakana kupachika m'ofesi chithunzi cha mnzawo akukumbatira mwana wa dziko, ndiye a Chikepe anabwereranso kuti akumbatiridwe ndi munthu woyenera. Malipiro ake anali botolo la zoziziritsa kukhosi ndi kuperekezedwa pa galimoto. Mumsewu tinazolowera. Galimoto ikawatsitsa, alamu awo ankatuluka atatambasula manja.

"Alamu! Mwayenda bwanji? Kunjako akuti bwanji? Mwatibweretsera chiyani ulendo uno?"

"Alamu, tsiku lina ndidzakumenyani ndi sipanala."

"Iti? Ya m'galasi?"

Achemwali awo sankaseka nawo. "Achimwene, kanani," ankatero. "Anthuwa akusandutsani chidole."

"Ndikakana, achemwali, bokosi ndidzalionera kuti? Pajatu pamenepo mpomwe ndimaligwirako."

Akazi awo anawaona pa wailesi yakanema kunja komweko, ndipo anaimba foni.

"Abambo, ndakuonani mukutsika ndege. Mumapita kuti osatiuza?"

Anafotokoza. Mayiwo anafunsanso.

"Ndiye shopu?"

"Mashelefu alipo."

"Sindinafunse za mashelefu."

Mayi wa hotela anapirira kuposa momwe amalonda amapiririra. Kenako anawaitana n'kuwauza kuti kumapeto kwa mwezi kukubwera msonkhano waukulu, alendo ake ndi anthu a mimba zawo, osakwera masitepe. Chikepe chiyende, apo ayi aitana ena. A Chikepe anabwereka zida za m'takisi ya alamu awo, sipanala imodzi yodyeka mano ndi pulayala yomangidwa ndi mphira, n'kukwera nazo kuchipinda cha makina pamwamba pa hotela. Anayang'ana, anagwiragwira, anatsika.

"Mayi, ndi izi ndikhoza kuchiyendetsa, koma sindingalumbire kuti chidzaima. M'menemo mumakwera anthu."

"Ndiye katengeni zanu, bambo. Si zanu kodi?"

Sabata yomweyo galimoto ya Ofesi inabweranso. A Chikepe anakwera atatsimikiza mtima kuti ulendo uno bokosi salibweza, kaya kukhale asilikali kaya bandi. Anaima kuseri kwa chitseko, mlonda anawapatsa bokosi, iwo anakunga phewa monga mwa masiku onse, ndipo dzanja linakwera lokha m'mwamba. Bokosi linali lopepuka ngati chitini cha mabisiketi. Analigwedeza. Simunalire kanthu.

Tsiku limenelo anabwerera kwawo mofulumira kuposa ndondomeko. Anadutsa pa kapeti ngati munthu wothamangira kuchimbudzi, a Nduna anakumbatira theka la munthu, ndipo kuseri kwa katani a Chikepe anawagwira a Ndondomeko pa jekete.

"Zida zanga zili kuti?"

"Madala, jeketeyi ndi yobwereka."

"Zili kuti?"

"Zili pabwino! Pabwino kuposa m'galasi. Sindiyenera kuulula, koma kukubwera chinthu chachikulu. Inuyo simudzaiwalika m'dziko muno. Adzukulu a adzukulu anu adzaloza."

"Munanditenga kumene ndinali ndi ntchito. Munandilanda chilolezo pamaso pa anthu. Ndinakupemphani kuti mundikumbukire ine? Ndikufuna kugwira ntchito, mkazi wanga abwere."

A Ndondomeko anakonza kolala, ndipo ankaoneka kuti akhumudwadi. "Vuto lanu anthu a kunja ndi limeneli. Mumaganiza za inu nokha."

Chinthu chachikulucho chinaonekera Loweruka lotsatira, pa raundabauti ya msewu wochokera ku bwalo la ndege. Panamangidwa matenti, panabwera bandi, ndipo pakati panaima chinthu chachitali chofundidwa nsalu. A Chikepe anakhazikidwa kutsogolo, pa mpando wa khushoni, duwa lili pachifuwa. Achemwali awo ndi alamu anaima kumbuyo kwa chingwe pamodzi ndi ife tonse. A Nduna analankhula nthawi yaitali za ana amene anamva kuitana kwa mayi wawo. Kenako anakoka chingwe, nsalu inakodwa, mlonda anakwera n'kuikodola ndi ndodo, ndipo inagwa.

Anali manja awiri achitsulo, aakulu, otambasukira kumwamba, opakidwa penti yagolide. Anthu anawomba m'manja. Patali ankaoneka bwino ndithu. Pafupi m'pamene munthu ankaona kuti zala zake ndi masipanala, mfundo za zala ndi mapulayala, ndipo m'zikhatho munadzazidwa tizitsulo topindapinda, tonse towotchereredwa pamodzi.

A Chikepe anaimirira osauzidwa. Anayenda kukafika pansi pa chipilalacho, khosi lili m'mwamba. Pambali panaima bambo wina wa ovolosi yatsopano, wowotcherera amene anapanga manjawo, akudikira kuti atchulidwe dzina.

"Mwaiona ntchito, madala?" anatero monyadira. "Zina ndinatola kwa ogula zitsulo zakale, koma zabwino zenizeni anabweretsa a ku Ofesi. Chitsulo chake chouma, chinandithera ndodo zowotcherera. Mwini wake ankazisamala, ameneyo. Kaya anamwalira liti."

"Munalinso mita yoyezera magetsi."

"Ija ya pulasitiki? Inasungunuka, ndinataya." Wowotchererayo anawayang'ana bwinobwino, anayang'ana duwa la pachifuwa, ndipo kumwetulira kunatha. "Pepani, bambo. Anandiuza kuti zinaperekedwa."

A Ndondomeko anafika n'kuwagwira pachigongono, poti inali nthawi yoti mwana wobwerera athokoze dziko. Anawaimika pa maikolofoni. A Chikepe anayang'ana matenti, anayang'ana a Nduna, ndipo analankhula momveka bwino, mosakweza mawu.

"Zimenezo ndi zida zanga. Sindinapereke."

Apa maikolofoni inadwala mwadzidzidzi, ndipo bandi, imene imadziwa ntchito yake, inayamba nyimbo. Nyuzipepala ya boma inalemba kuti bambo wokalambayo anagwidwa ndi chimwemwe mpaka mawu anamuthera.

Mayi wa hotela anaitana kampani ya kunja, yochokera kudziko lomwe lija a Chikepe anakalambirako. Anabwera anyamata awiri ndi mabokosi awo, amene analowa pa kasitomu popanda wowakumbatira, ndipo pobwerera anatuluka nawo mabokosi awowo. Eni nyumba zosanja ena onse anatsatira kampaniyo.

A Chikepe anapitanso ku Ofesi kamodzi, kukafunsa ngati chilolezo chawo cha kunja chingabwezedwe. Anauzidwa kuti chinatumizidwa kale kwa eni ake monga mwa pangano la maboma awiri, ndipo ku ofesi ya kazembe anawauza mwaulemu kuti munthu wa msinkhu wawo, wobweza chilolezo mwa kufuna kwake pamaso pa makamera, sangayambirenso. Galimoto ya Ofesi itabweranso mumsewu, achemwali awo anaima pageti ndi tsache, ndipo dalaivala anaona kuti ndi bwino kutembenuka. Sizinavute. Ofesi inapeza bambo wina wa imvi, mlonda wopuma ntchito amene sanatulukepo m'dziko muno, ndipo tikumva kuti amabwerera kwawo mogwira mtima kwambiri.

Masiku ano a Chikepe amakonza maayironi, maketulo ndi mafani a anthu a mumsewu, ndi pulayala ya alamu awo, imene imabwerera m'takisi m'mawa uliwonse. Ntchito yawo ndi yaudongo ndipo sadula. Misomali ya pakhoma la shopu amakolekapo malaya. Akakwera takisi ya alamu kupita m'tauni, alamuwo amazungulira njira yaitali yodutsa kumsika kuti asadzere pa raundabauti, ndipo pa zimenezi sanachitepo nthabwala.

Nkhani ya manja agolide anachedwa kuwauza akazi awo. Anaimba Lamlungu lina masana atakhala pa sitepe ya shopu, achemwali awo akuanika zovala chapafupi, ndipo foni yawo ndi yokweza mawu moti mpanda wonse unamva. Anafotokoza zonse mwadongosolo, ngati akupereka lipoti la chikepe chowonongeka. Atamaliza anati mwina mayi angafunse kwa amisiri anzawo akale, apeze masipanala angapo ndi mita, atumize.

"Nditumize?" anatero mayiwo. "Manja apanga kale. Ndikatumiza zina adzapanga miyendo."

A Chikepe anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala pamaliro.

"Abambo, mverani," anapitiriza mayiwo, mawu atatsika. "Mwana wapeza ntchito kuno. Ine kuchipatala andiwonjezera zaka. Ndikasiya, tonse atatu tidzakhala kuseri kwa nyumba ya alamu anga kudikira ketulo ya munthu ipse. Ine sindibwera."

"Ngakhale kudzangoona?"

"Kudzaona ndidzabwera, Mulungu akalola. Koma chilolezo changa chidzakhala m'kamisolo, ndipo wondikumbatira aliyense ndidzamuluma."

Achemwali awo anasiya kuanika, chovala chili m'manja chikudontha.

"Ndamva, mayi," anatero a Chikepe. "Mwaganiza bwino. Mupatseni mwanayo foni ndimuyamikire."